Mitanda ya Adada Tembo m'Buku Langa

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti mayi wanu anakalambira pa ntchito yosewera magemu. Sekani, mano ndi anu. Koma poti maso ayamba kuchita chifunga ndipo dzanja likumatopa msanga, ndati ndilembe za ntchito imeneyi ndisanayambe kusakaniza mayina. Ndikufuna makamaka mudziwe za buku la chikuto chobiriwira lomwe lili pansi pa zitenje m'sutikesi yanga, kuti tsiku lina mukamadzagawana katundu musadzaliyese chinyalala. Za ubwana wanga ku Dowa munazimva mpaka kutopa nazo, sindibwereza.

Chaka choyamba, Mzimba boma

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa makalata mu ofesi ya sukulu, ndipo ndinaigwira mpaka mataipilaita anayamba kuunjikidwa m'chipinda chosungira matsache. Bambo anu atamwalira, ndinamva kuti kabungwe kena ku Mzimba kakufuna munthu wodziwa kiyibodi. Kanali ndi zipinda zowerengeramo zitatu, china pa boma, china ku Manyamula, china ku Edingeni, chilichonse chili ndi mashelefu a mabuku ndi makompyuta akale ochokera kwa akufuna kwabwino. Ndinatsika basi ndi inu awiri ndi thumba la ufa, Chitumbuka ndisakudziwa ngakhale moni. Kwathu ndine Naphiri, koma kuno anandisandutsa Nyaphiri tsiku loyamba lomwelo, ndipo dzinalo landikakamira mpaka lero.

Makompyutawo analibe intaneti, koma anabwera ndi mulu wa magemu a nzeru, oposa makumi atatu. Musaganize zowomberana kapena zothamangitsa magalimoto ngati za m'mafoni mwanumo. Awa anali mabwalo a timabokosi, ngati pepala la masamu, gemu iliyonse ndi lamulo lake. Ina umalumikiza mapaipi kuti madzi afike paliponse, ina umamanga milatho pakati pa zilumba, ina umaika mahema pambali pa mitengo. Mayina ake achizungu ankatipinda lilime, ndiye tinawapatsa athu: Mapaipi, Milatho, Mahema. Yomwe inandigwira mtima ine inali Nyali. Umaika nyali m'timabokosi mpaka bwalo lonse liwale, koma nyali ziwiri zisaonane pa mzere umodzi. Ukalakwitsa, nyaliyo imafiira. Ukamaliza bwino, bwalo lonse limaphethira kawiri, ndipo umaona munthu wamkulu ndi ndevu zake akumwetulira yekha.

Bwana wanga woyamba anali mayi Chisi, mphunzitsi wakale, wamfupi, wolankhula motsitsa moti umachita kuwerama kuti umve. Sabata yachiwiri anandiitana n'kundilozera abambo awiri omwe ankangodina mausi mwachisawawa.

"Mwawaona awo, Nyaphiri? Pakatha mphindi khumi adzuka, ndipo sadzabweranso. Malangizo alimo m'kompyutamo, koma ndi Chizungu cha anthu obadwira pa kompyuta. Ndikufuna buku loti mlimi wa ku Manyamula awerenge, asewere."

"Ndipatseni cholembedwacho, mayi, mawa chikhala chotaipa," ndinayankha monyadira liwiro la zala zanga.

"Cholembedwa kulibe. Mulemba ndinu."

Ndinatsala pang'ono kukwera basi yobwerera ku Dowa. Ine ndinali munthu wotaipa mawu a ena, anga ndinali ndisanawaonepo papepala. Koma munali mutayamba kale sukulu, ndiye ndinakhala pansi. Miyezi itatu ndinkangosewera, kulephera, kutukwana kompyuta chamumtima, mpaka gemu iliyonse ndinaidziwa makhalidwe ake ngati mwana wolera ndekha. Nditalemba tsamba loyamba, ndinalipereka kwa mayi Chisi ndikudikira chiyamiko. Sanaliwerenge n'komwe. Anati tsamba silinathe mpaka munthu wosadziwa kanthu asewere nalo, ndipo pa nthawiyo ine wolemba ndikhalire manja anga. Ndinkayesa n'kalankhulidwe chabe. Ayi ndithu, anandikhazikadi pa benchi, zikhatho pansi pa ntchafu, pakamwa potseka.

Woyesa woyamba anali Che Yusufu, wogulitsa nsalu pa msika, yemwe analinso ndi makina a fotokope kuseri kwa shopu yake. Anabwera atachoka ku mzikiti, anakhala mwaulemu, n'kuwerenga mokweza mzere woyamba, woti ikani nyali m'bokosi. Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine. "Mayi, ndiike ndi chiyani? Ndi chala?" Manja anandiyabwa pansi pa ntchafupo, ndikufuna kumulanda mausi ndimuonetse. Mayi Chisi anangonditsinzinira diso. Ndinali nditaiwala kulemba kuti munthu adine mausi, chifukwa kwa ine zinali zodziwika kale. Tsamba limodzi lokhalo ndinalilemba kasanu ndi kawiri, ndipo kuyambira pamenepo palibe tsamba lomwe linatuluka mu ofesi yathu ndisanalikhalire manja.

Chaka chachitatu, ulendo wa ku Edingeni

Buku lotere silitha. Kamodzi kapena kawiri pa chaka kunkabwera katswiri wa makompyuta kuchokera ku Mzuzu, fulashi ili m'thumba la malaya, kudzaika mtundu watsopano wa magemuwo. Iye ankatha theka la ola, ine n'kundisiyira ntchito ya miyezi iwiri. Apa gemu yatsopano yalowa, apo batani lomwe linali kumanzere lasamukira kumanja, ndipo zonsezo bukulo liyenera kunena monga zilili. Ovuta kwambiri anali masamba ophunzirira. Apa mumvetsetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Bwalo lililonse lili ndi nambala yake. Ukataipa nambalayo, kompyuta imakupatsa bwalo lomwelo tsiku lililonse. Ndiye ine ndinkasankha mabwalo osavuta n'kumuyendetsa wophunzira pang'onopang'ono: taipani nambala yakuti, pitani pa mzere wachiwiri bokosi lachitatu, ikani nyali, chifukwa chake ndi ichi. Koma mtundu wa magemu ukasintha, nambala yomweyo inkatulutsa bwalo lina. Choncho buku latsopano limayenda ndi mtundu watsopano, lakale ndi wakale, ngati loko ndi kiyi wake.

Chomwe chinkandipweteka n'chakuti anthu sawerenga malangizo. Ambiri ankafunsa mnzawo wapambali, ena ankaika bukulo pansi pa mausi kuti aziyenda bwino. Ndinkafika pomadzifunsa kuti kodi ndikulembera ndani. Yankho ndinakalipeza ku Edingeni, nditapita kukasiya mabuku atsopano. Pa kompyuta ya pakona panali bambo wamtali wachikulire, wovala jekete ngakhale kunkatentha, chala chimodzi chodukira pakati, pensulo ili kukhutu, buku langa lili chotsegula pambali pake. Awa anali adada Tembo. Mphamvu zawo zonse anathera ku Chikangawa akunola macheka, ndipo atapuma anabwerera kumudzi kwawo pafupi ndi Edingeni, ku ng'ombe zawo zochepa ndi munda wa chimanga. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankapalasa njinga kudza kuchipinda chowerengera.

"Monire, amama," anatero atandiona ndi katoni ya mabuku. "Ndinu munalemba buku ili?"

"Ndine, adada."

"Yewo chomene. Koma pa Milatho paja mwanena kuti mlatho sudutsa pamwamba pa unzake, mbwenu simunanene kuti milatho iwiri itha kuyenda limodzi. Ndinataya Lachisanu lathunthu."

Ndinachita manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi. Zaka zitatu ndikulemba, aka kanali koyamba munthu kundigwira ndi cholakwa, kutanthauza kuti kanali koyamba munthu kuwerenga mpaka kumeneko. Tinacheza mpaka woyang'anira chipinda anayamba kugwedeza makiyi. Anandiuza kuti ponola cheka sankadumpha dzino ngakhale limodzi, chifukwa dzino lopindikalo ndi lomwe limakhotetsa thabwa, ndipo buku langa ankaliwerenga chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo timakalata tawo tinkandipeza pa boma kudzera kwa dalaivala wa matola, tolembedwa pa mapepala ong'amba m'kope, nthawi zina limodzi ndi mtedza kapena mbatata. Tinkayamba ndi moni wautali, tikumatha ndi mawu akuti pa tsamba lakuti mwaphonya. Ndinkakonza chilichonse, china ndikung'ung'udza. Patapita zaka, timakalatato tinayamba kukhala ta moni wokhawokha, ndipo adada ankauza aliyense wolowa m'chipindamo kuti, "Buku la Nyaphiri silinama. Zikakanika, wolakwa ndiwe." Mawu amenewo ndinkawanyadira kuposa satifiketi yanga ya kutaipa.

Chaka chachisanu ndi chitatu, nyengo ya mvula

Mayi Chisi atatopa n'kupita kwawo, m'malo mwawo munabwera bwana Msiska, bambo wa mafoni awiri, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Sanali munthu woipa, musadzamuweruze ndi zomwe ndilembe apa. Anapeza kabungwe kataonda. Galimoto imodzi yomwe tinali nayo inali pa miyala, magetsi ankazima ndikadali pakati pa chiganizo, mapepala tinkalemba mbali zonse, ndipo botolo la inki ya pulinta tinkaligwedeza ngati mankhwala a chifuwa kuti litulutse masamba ena awiri. Buku lathu linali ndi chithunzi cha bwalo pa tsamba lililonse lophunzirira, kuti wophunzira afananitse ndi zomwe akuona pa sikirini. Zithunzizo zinkamwa inki. Tsiku lina bwana anaima pa desiki yanga n'kunena kuti, "Mayi Phiri, chotsani zithunzi, mawu okha akwanira." Ndinakana masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinachotsa.

Mu Febuluwale katswiri uja anabwera ndi mtundu watsopano. Anaika pa boma, anaika ku Manyamula, koma msewu wa ku Edingeni unali matope okhaokha ndipo anafulumira kubwerera ku Mzuzu. Anandisiyira fulashi n'kunena kuti adzamaliza kukauma. Ndinaiika mu envulopu, envulopuyo m'dirowa. Ndinalemba buku latsopano, la chikuto chobiriwira, ndinalikhalira manja pa makompyuta a pa boma monga mwa nthawi zonse, zonse zinayenda bwino, Che Yusufu anafotokopa. Bwana analamula kuti mabuku apite kuzipinda zonse zitatu tsiku limodzi, akale atoleredwe kuti asasokoneze anthu.

Ndinkadziwa kuti kompyuta za ku Edingeni zikadali ndi mtundu wakale. Ndikulemba izi momveka kuti musadzandiikire kumbuyo ponena kuti mayi sankadziwa. Ndinkadziwa. Ndinangoti mumtima, ndi sabata ziwiri zokha, katswiri abwera. Komanso ndinali nditamva kuti adada Tembo anagwa m'munda ndi sitiroko mu Januwale ndipo ali m'chipatala. Ndinawatumizira moni ndi paketi ya shuga, n'kudziuza kuti munthu yekhayo amene amawerenga buku ku Edingeni sakhala pa kompyuta posachedwa. Ndinamanga katoni, ndinaikweza pa matola. Sabata ziwiri zija zinasanduka miyezi isanu, katswiri sanabwere, ndipo envulopu inakwiririka ndi mapepala ena mpaka ndinaiiwala.

Julaye, chaka chomwecho

Linali Lachinayi masana, kukuzizira kuzizira kwa ku Mzimba kuja kolowa m'mafupa. Mu ofesi munalowa mayi wachikulire atafunda chitenje pamwamba pa juzi, kathumba ka pulasitiki kali m'manja. Ndinawapatsa mpando, iwo anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Anati ndi Nyashaba, akazi awo a adada Tembo, abwera kuchipatala kudzatenga mankhwala a mkuluyo, ndipo atumidwa kuti adutsire kwa ine. Anamasula kathumba n'kutulutsa buku langa lobiriwira.

"Awiske Yotamu, amuna anga aja, akuti ndikupatseni pamanja. Anabwereka kuchipinda kuja. Akuti yewo chomene pa zaka zonsezi, koma kwa iwo ntchito yake yatha."

Ndinafunsa kuti ali bwanji. Amama Nyashaba anafotokoza modekha, akuyang'ana pansi. Atatuluka m'chipatala, mkono umodzi unatsala wofooka, koma mawu anabwerera. Adokotala anawauza kuti mutu usakhale chabe. Mvula itatha anayamba kupita kuchipinda chowerengera pa ngolo, poti njinga inali itawakanika, ndipo anati ayambire pansi ngati mwana wa sitandade wani, pa tsamba lachisanu la Nyali. Ankachita zomwe buku likunena, nyali n'kufiira. Kubwereza, kufiira. Adada sankafuna kumufunsa woyang'anira chipinda, munthu amene anaphunzitsa mudzi wonse magemuwo akanayamba bwanji. Ankangobwera kunyumba ali duu. Mwana wawo Yotamu anali atawakakamiza kuyambira ali m'chipatala kuti agulitse ng'ombe, atseke nyumba, akakhale naye ku Lilongwe. Iwo ankakana, akuti tsiku lomwe adzalephere kuwerenga mizere adzamuitana okha.

"Lamulungu lapitali anamuimbira," anatero amama Nyashaba. "Akubwera Loweruka ndi galimoto. Panopa ndikafunsa za ng'ombe akuti funsani a mutu wabwino. Ine ndikuona ngati mutuwo uli bwino, amama, zidzukulu zonse akuzitchula mayina. Koma iwo akuti buku la Nyaphiri silinama."

Ndinatsegula bukulo. M'mphepete mwa tsamba lachisanu munali timitanda ta pensulo, tonjenjemera, tondondozana kutsika mpaka pansi. Ulendo uliwonse womwe analephera anaika mtanda. Inapitirira pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, n'kubwereranso pa lachisanu, mbali inayo. Pansi penipeni analemba mawu awiri m'Chitumbuka, akuti mutu wamala, ndiye kuti mutu watha. Ndinakoka dirowa, ndinakumba pansi pa mapepala, envulopu ija inali pomwe ndinaisiya. Mkulu uja ankawerenga mizere molondola masabata onsewo. Buku linkamuuza za bwalo lina, sikirini ikumuonetsa lina, ndipo chithunzi chomwe chikanamuululira zimenezo ndinachichotsa ndine.

Nditawaperekeza amama Nyashaba, ndinalowa kwa bwana n'kuwauza zonse, ndi kuti mawa m'mawa ndikupita ku Edingeni. Vuto linali lakuti Lachisanu lomwelo kunkabwera alendo ochokera kwa omwe ankatithandiza, ndipo ine ndi amene ndinayenera kuwaonetsa buku.

"Muwaimbire foni, muwafotokozere," anatero bwana.

"Munthu amene wadziona akulephera ndi maso ake sangakhulupirire foni, bwana. Aziti ndikuwatonthoza."

"Ndiye mupite Lolemba."

"Lolemba adzakhala ali ku Lilongwe, ng'ombe zitagulitsidwa."

Bwana anaika mafoni onse awiri pa tebulo, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo. "Mayi Phiri, alendo akadzafunsa kuti wolemba buku ali kuti, ndidzati wapita kukapepesa chifukwa tinatumiza buku lolakwika? Mukudziwa kuti chaka chino tikuchepetsa anthu pa boma pano. Chonde, musandipatse chifukwa."

Ndinaopa, ana anga, sindinama. Iwe Chisomo unali fomu folo, nyumba yathu inali pafupi ndi sukulu yako, ndipo pa msinkhu wangawo palibe amene akanandilembanso ntchito. Ndikanatha kukhala chete, fulashi n'kupita mwakachetechete mwezi wotsatira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe akanadziwa. Koma bukulo linali m'manja mwanga, chala chili pa tsamba lachisanu. Ndinati, "Alendowo muwauze zoona, bwana, kapena musawauze kanthu. Ine mawa kulibe."

Lachisanu lake

Buku lililonse lomwe ndinalembapo ndinkasungako limodzi m'sutikesi, chizolowezi cha wotaipa chosataya kope. Ndinatenga lakale lija, la zithunzi, n'kukwera lole ya matola pamwamba pa matumba a chimanga. Chigawo chotsala ndinayenda pa kabaza, fumbi lili m'mano. Ndinawapeza adada atakhala pakhonde pa mpando wa ndalema, ataonda, jekete lija likuwalendewera. Pambali pa chitseko panali sutikesi yomanga ndi chingwe, ndi matupa awo onolera macheka atakulungidwa m'nsanza kuti apatse mnansi.

"Nyaphiri, mwavutikiranji mtunda wonsewu?"

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. Chitumbuka changa chinali chikadali chopunduka, koma mawu amodzi ndinkawadziwa bwino. "Phepani, adada. Mutu wanu ulibe mlandu. Buku langa ndi lomwe lanama." Ndinafotokoza za fulashi, za envulopu, za zithunzi, osabisa kuti ndinkadziwa potumiza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Ndinu munthu wabwino chomene, amama. Nyashaba wakulirirani, mbwenu mwabwera kudzandiziziritsa mtima. Musadzinamizire mlandu chifukwa cha nkhalamba."

Apa mtima wanga wa ku Dowa uja unakwera. "Adada, ine sindinasiye alendo ku ofesi n'kudya fumbi kuti ndidzakunyengerereni ngati khanda. Zaka zisanu mwakhala mukundigwira ndi zolakwa ting'onoting'ono. Lero ndabwera ndi chachikulu, mukukana kuchiona? Dzukani, tiyeni."

Anadzuka pang'onopang'ono. Amama Nyashaba anali atapempha kale ngolo kwa mnansi, ng'ombe zili pagoli kuseri kwa nyumba.

M'chipinda chowerengera munalibe anthu ambiri. Anakhala pa kompyuta yawo ya pakona. Ndinawatsegulira buku lakale pa tsamba lachisanu, n'kupita kukakhala pa benchi, zikhatho pansi pa ntchafu. Anataipa nambala ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, akuitchula chapansipansi. Bwalo linatuluka. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana sikirini, anabwereza katatu. Kenako anagwira mausi. Kamuvi ka pa sikirini kanayenda monjenjemera n'kukaima pa mzere wachitatu, pomwe buku linkanena wachiwiri. Pa zaka zonse zomwe ndinakhalira manja, sanandiyabwepo ngati tsiku limenelo. Ndinaluma mlomo. Nyali ija ikanafiira, sindikudziwa ngati akanayesanso. Anaima, anawerenga mizere ndi chala chodukacho pa galasi, wani, thu, n'kukweza kamuvi. Anadina. Nyali inayaka yachikasu, ndipo inakhala yachikasu.

Yachiwiri inayaka, yachitatu inayaka. Atafika pa yachinayi anakankhira buku pambali ndi chigongono. Zotsalazo anaika okha, akusinkhasinkha, mlomo ukugwedera ngati kale. Bwalo linaphethira kawiri.

Amama Nyashaba anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine misozi inkangotsika, ndipo sindinathe kuipukuta chifukwa ndinaiwala kuti manja ndi anga, nditha kuwatulutsa. Adada anatulutsa kansalu m'thumba, anamina, anakapinda bwinobwino, n'kutembenukira kwa ine.

"Nyaphiri, zithunzi munachotseranji?"

"Inki, adada."

"Mubwezemo."

"Ndibwezamo."

Amama Nyashaba anafunsa kuti nanga Yotamu akafika mawa amuuze chiyani. Adada anali atayamba kale kutaipa nambala ya tsamba lotsatira. "Abwere," anatero osacheuka. "Adye nkhuku, aone ng'ombe, mbwenu abwerere."

Potsanzikana ndinatulutsa buku lobiriwira lija ndi labala, ndikufuna kufufuta mitanda ija iwo akuona. Anandigwira dzanja. "Musafufute. Tengani, muzisunga."

Zaka zotsala, Manyamula

Lolemba ndinapeza kalata pa desiki. Sanandichotse ntchito, koma pa boma anandichotsapo n'kunditumiza ku Manyamula. Mukukumbukira nyumba yodontha ija, ndi mmene iwe Chisomo unamalizira sukulu ukugona kwa anthu a kutchalitchi. Unandikwiyira chaka chathunthu, ndipo unali ndi chifukwa. Sindinakufotokozere bwino nthawi imeneyo, poti manyazi anali akadandigwira. Bwana Msiska, kunena zoona, anatumiza yekha katswiri ku Edingeni mwezi usanathe, ndipo pa tsiku lotsanzikana nane popuma anabwera pa njinga yamoto ndi nsalu ya kwa Che Yusufu.

Ku Manyamula ndinagwira zaka zinayi, bukulo ndikulisamalirabe. Zithunzi ndinabwezamo, inki ikasowa ndinkajambula ndi lula ndi bolopeni. Pansi pa tsamba lililonse ndinayamba kulemba kompyuta yomwe ndaliyesera, ndipo katoni ya mabuku sinkakwera matola fulashi isanatsogole. Adada Tembo anakhala pakhomo pawo mvula zina zitatu. Timakalata tawo tinkandipeza ku Manyamula, zilembo zikukulirakulira ndi kunjenjemera, koma tsamba lomwe ndaphonya sankaliphonya. Anamwalirira m'nyumba mwawo, ng'ombe zili m'khola, ndipo ndinakakhala nawo pa maliro pambali pa amama Nyashaba.

Ndiye buku lobiriwira lija ndi limenelo. Mukadzalitsegula, pitani pa tsamba lachisanu. Mitandayo ndinaiwerengapo kangapo, ilipo makumi anayi ndi itatu. Adada ankailemba akuyesa kuti akudzichonga okha. Yonseyo ndi yanga.